Mmene mungatetezere simenti ya pakhomo kuti isamanyenyeke kapena kuthimbirira

Khonde langa loyamba kuno ku Matawale mu mzinda wa Zomba linayamba kutuluka fumbi chaka chisanathe nkomwe. Ukasesa mmawa pofika madzulo fumbi loyera lija labweranso, ana akakhala pansi podzuka zovala zili mbuu, kenako pamwamba panayamba kusupuka ngati nkhoko za mumphika mpaka miyala kuyamba kuonekera. Ine ndinkangoti anandigulitsa simenti yabodza basi. Koma bambo wina wachikulire amene wakhala akumanga nyumba kwa zaka zambiri atabwera anangokanda ndi msomali nkundiuza kuti simenti inalibe mlandu, madzi ndi amene anachuluka tsiku lothira kenako nkudzasowa sabata yotsatira. Zinandiwawa chifukwa ndalama ija ndinaisonkhanitsa movutikira, ndiye kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsafunsa komanso kuimirira ndekha pa ntchito iliyonse ya simenti pakhomo panga ndi pa abale. Zomwe ndaphunzirazo ndi izi, tiyeni tiyende nazo kuyambira zinthu zisanagulidwe.

Choyamba ndi zipangizo. Simenti yang'anani nambala ili pathumba, ya fulo ndi khonde ikhale 32.5 kapena 42.5, ija yolembedwa 22.5 ndi yomangira njerwa ndi kupulasitala, musalole kuti ithiridwe pansi ngakhale itsike mtengo bwanji. Gwirani thumba lililonse, likakhala ndi zibuma zoti sizikuphwanyika ndi zala ndiye kuti chinyontho chinalowa kale, lisiyeni. Mukafika nayo kunyumba musaigoneke pansi kapena kuitsamiritsa kukhoma, ikani pa matabwa, ndipo isakhale miyezi yoposa 3, makamaka kuno kwathu komwe mpweya umakhala wonyowa nthawi yayitali. Chinanso chomwe ambiri sitilabadira, ngati mukufuna fulo ya mtundu umodzi gulani simenti ya kampani imodzi yokwanira ntchito yonse, chifukwa simenti za makampani osiyana zikauma zimasiyana maonekedwe, ina imayererako ina imaderako, ndiye pabalaza pamodzi mumapeza mbali ziwiri ngati munachita kulumikiza nsalu.

Mchenga ndi pamene timagwa nayo kwambiri. Wambiri umene timagula kuno umachokera mmitsinje ngati Likangala, ndipo mvula ikangotha umabwera ndi matope komanso zinyalala za masamba. Matope amenewa pokonza pamwamba amakwera nkupanga kachikhungu kofewa, ndi kamene kamadzasanduka fumbi lija. Kuyesa kwake nkosavuta, tengani botolo loonekera mkati, thirani mchenga mpaka masentimita 10, onjezani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri nkulisiya maola angapo. Mchenga ukhala pansi, matope adzayala pamwamba pake. Matopewo akayandikira sentimita imodzi mchengawo ndi wauve, uyenera kutsukidwa kapena kungoubweza. Miyala ya kwale nayonso ikhale yopanda dothi lofiira, ngati yakhalitsa pabwalo itsireni madzi isanalowe mu ntchito. Ndipo poti tikunena za madzi, osakanizira akhale oti munthu atha kumwa. Abale athu a mbali za ku Jali ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa komwe zitsime zina zimatulutsa madzi amchere, chonde pezani madzi ena, mcherewo umadzatuluka pamwamba ngati ufa komanso umadya waya ngati mwaika mkati. Madzi ochapira a sopo ayi.

Chachiwiri konzani pansi pomwe pakhale simentiyo. Chotsani dothi lonse lakuda la pamwamba ndi mizu, thirani zibuma za njerwa kapena miyala nkutsendera bwinobwino pang'onopang'ono, osati kungokhuthula mulu wonse nkuponda pamwamba pokha. Thirani mankhwala a chiswe, yalani kamchenga kuti nsonga za miyala zisaboole pepala, kenako pepala lakuda la pulasitiki lochindikala lija, mapepala akakumana adutsane pafupifupi masentimita 15 mpaka 20. Pepala limeneli ambiri amalidumpha poti silioneka ntchito ikatha, koma Zomba ndi malo a madzi, amene timakhala mmunsi mwa phiri tikudziwa mmene nthaka imanyowera kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inationetsa nyumba zambiri madzi akuchita kutumphuka pansi. Popanda pepala chinyontho chimakwera kudutsa mu simenti, fulo imakhala ndi mawanga akuda osauma, penti ndi polishi sizigwira, mphasa ndi kapeti zimanunkha nkhungu.

Ngati ndi panja, khonde kapena poimika galimoto, pendeketsani pang'ono kuti madzi azithawa kuchoka kunyumba, masentimita 2 pa mita iliyonse akukwana. Uzani bilida ayeze ndi levulo ndi chingwe inu mukuona. Paliponse pomwe madzi azidikha padzamera ndere, padzada, basi.

Chachitatu, sankhani tsiku ndi nthawi. Dzuwa la Okutobala masana ndi mdani, makamaka kukakhala kamphepo, pamwamba pamauma msanga mkati muli mwamadzi ndiye timing'alu timayamba ntchito isanathe nkomwe. Yambani mbandakucha kuti pofika 10 koloko mukhale mwathira kale, kapena ikani kamthunzi. Nthawi ya dzinja khalani ndi pepala pafupi chifukwa mitambo ikangotsika paphiri paja simuchedwa kunyowa, ndipo mvula ikamenya simenti yaiwisi imakokolola simenti ya pamwamba nkusiya mchenga wokhawokha. Kwa ine miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwino, kungoti nthawi ya chiperoni simenti imachedwa kugwira ndiye pamafunika kudekha.

Tsopano kusakaniza, apa ndiye musapite kutauni, khalani pompo. Muyeso wodziwika wa konkire ya fulo ndi 1:2:4, kutanthauza ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala, ndowa yake yomweyomweyo. Mukamayeza ndi wilibala, thumba limodzi la makilogalamu 50 limayenda ndi wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala, odzaza mofanana ndi mlomo osati a phiri. Poimika galimoto ndimakonda 1:2:3. Kuyeza ndi fosholo ndimakana chifukwa fosholo ya mmawa ndi ya masana dakaboyi atatopa sizifanana, ndipo muyeso ukamasinthasintha mtundu wa fulo umasinthanso. Sakanizirani pa malata akale kapena pa simenti ina, osati pa dothi, ndipo tembenuzani zouma kaye mpaka mtundu ukhale umodzi musanathire madzi.

Madzi akhale pafupifupi malita 25 pa thumba, ndiye kuti chigubu chimodzi cha malita 20 ndi kena pang'ono, mchenga ukakhala wonyowa chepetsaninso. Ndikudziwa anyamata amadandaula kuti ikulimba, ikuvuta kuyala, amafuna ichite kuyenda yokha ngati phala la mwana. Musavomere. Simenti imangofuna madzi ochepa kuti igwire, otsalawo amadzauma nkusiya timabowo tosaoneka ndi maso mkati monse, ndiye konkire imakhala yofooka komanso imamwa chilichonse chotayikira, oyilo, tiyi, matope, zonse zimalowa. Yabwino ukaitapa pa fosholo imakhala ngati nsima yofewa, siyenderera. Ndipo ikayamba kugwira mu wilibala musalole kuti aithire madzi ena kuti aidzutse, imeneyo yapita. Bola kuwaonjezera anyamatawo kangachepe pa malipiro chifukwa ntchito ikulemeradi, kusiyana ndi kudzagumula fulo yonse. Avalenso majombo ndi magolovesi, simenti yaiwisi imawotcha khungu.

Chachinayi ndi kuthira ndi kusalaza. Kuchindikala kukhale masentimita 10, podutsa galimoto 12 mpaka 15. Tsenderani ndi thabwa lolemera anthu awiri atagwira uku ndi uku kuti mpweya utuluke, kenako kokani thabwalo kuti palingane. Mukatero siyani kaye. Pakapita kanthawi muona madzi akutuluka pamwamba, pakunyezimira, ndipo apa ndi pamene khonde langa linafera. Bilida akakhala pa changu amayamba kusalaza ndi chipande madziwo ali pompo, kapena amawaza simenti youma kuti imwe madziwo. Zonse ziwiri nzolakwika. Kusalaza pa madzi kumabwezera madziwo mu kachikhungu ka pamwamba nkukafooketsa, ndiye mumapeza fumbi ndi kusupuka. Kuwaza simenti youma kumapanga kachikhungu kosiyana ndi ka pansi pake, kamauma pakokha nkung'ambika timizere tating'onoting'ono ngati ukonde, kenako kamayamba kugamphuka. Dikirani kunyezimira kuthe, mukaponda phazi lizingosiya kachizindikiro kosazama, pamenepo ndiye ayambe ndi chosalazira chathabwa kenako chachitsulo. Asawazenso madzi ndi bulashi pofuna kuti chipande chiziterera, ndipo asapitirize kupukuta ndi chitsulo pamalo amodzi pataumiratu chifukwa pamada ngati papsa.

Panja sindikonda fulo yosalala ngati galasi. Ndi mvula yathuyi ndi ndere agogo adzagwa. Kokani tsache lolimba kamodzi mbali imodzi pakhale timizere, pamaoneka bwino komanso phazi limagwira.

Musaiwale mizere yodula. Konkire ikamauma imakhwinyata pang'ono ndipo ing'ambika ndithu, chomwe tingachite ndi kuisankhira pong'ambikira. Pa khonde kapena pabwalo dulani mzere mamita awiri ndi theka mpaka atatu aliwonse, kuzama kwake gawo limodzi mwa magawo anayi a kuchindikala, ndiye pa masentimita 10 mzere ulowe masentimita awiri ndi theka. Zigawozo ziyandikire kufanana mbali zonse, zazitali zopyapyala zimathyoka pakati. Mng'alu ukabwera umabisala mu mzeremo.

Za okusaidi wofiira, ufa wopatsa fulo mtundu, amene timamukonda tonse. Yezani simenti ndi okusaidi wa chipinda chonse nthawi imodzi, sakanizani zouma mpaka pasaoneke mizere, mwina kusefa kumene, osati kumasakaniza pang'onopang'ono mongoyerekeza ndi maso chifukwa ndi mmene mumapezera pakona pofiira kwambiri pakati potuwa. Okusaidi asapose makilogalamu 5 pa thumba la simenti, mukachulutsa fulo imafooka ndipo imadzakhala ikupaka mapazi. Ndipo naye adikire madzi a pamwamba aja athe. Ngati mukuika kafulo kosalala pamwamba pa konkire yakale, tsukani yakaleyo, ikandeni ikhale yokhakhala, inyowetseni kuyambira dzulo lake, pakani phala la simenti kenako thirani phalalo lisanaume, muyeso wake simenti imodzi mchenga itatu, kuchindikala masentimita 3 kapena 4. Kopyapyala kwambiri kamalira ngati ng'oma mukagogoda ndipo sikachedwa kusweka.

Chachisanu, ndipo ngati mungaiwale zina zonse ichi chokha gwirani, kuthirira. Anthu timaganiza kuti simenti imalimba chifukwa yauma, ayi, imalimba chifukwa ikugwirana ndi madzi mkati mwake, madzi akatha msanga kulimbako kumaima pomwepo ndipo pamwamba ndi pamene pamayamba kuuma, pomwenso timapondapo. Pakangolimba moti chala sichikusiya chizindikiro yambani kusunga chinyontho, osadikira mawa masana. Masiku 7 osadumphitsa, simenti ya 32.5 nthawi yozizira ndimafikitsa 10. Pa masiku 7 konkire imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, mphamvu yomwe amawerengera akatswiri ndi ya pa masiku 28.

Kuwaza madzi kamodzi mmawa nkuchoka sikuthirira, pofika 11 koloko pauma kale, ndipo kunyowa nkuuma kunyowa nkuuma kumabweretsanso tija timing'alu. Njira yomwe yandithandiza mkati mwa nyumba ndi kumanga kamzere ka mchenga wosakaniza ndi simenti pang'ono pakhomo nkudzaza madzi fulo yonse ngati dimba la mpunga. Panja yalani ziguduli zoyera kapena mchenga woyera nkumanyowetsa. Koma samalani ndi zomwe mukuyala, dothi lofiira, utuchi, udzu wauwisi ndi masamba a nthochi zimasiya mtundu wake pa simenti yanthete ndipo suchoka. Matumba amene munali feteleza kapena shuga ayi. Pepala la pulasitiki limasunga bwino chinyontho koma likakhala ndi makwinya limasiya mawangamawanga, pomwe lakhudza pamada pomwe latukuka pamayera, ndiye pa fulo ya okusaidi kapena yomwe mukufuna izioneka bwino liyaleni mothina kapena gwiritsani njira ina. Ngati madzi a pampopi amavutavuta kwanuko tungiranitu mmigolo tsiku lothira lisanafike, ndipo mupatseni munthu mmodzi ntchito imeneyi, bilida akalandira ndalama zake sabweranso kudzathirira.

Tsekani ndi minga kapena matabwa kuti nkhuku, agalu ndi ana asapondepo tsiku loyamba ndi lachiwiri. Galimoto yaying'ono idikire masiku osachepera 7, lole ya mchenga kapena njerwa isayerekeze mwezi usanathe.

Chachisanu ndi chimodzi ndi mmene tikukhalira nayo tsiku ndi tsiku, poti fulo yabwino imathanso kuonongeka ndi zizolowezi zathu. Mbaula musaiike pa simenti mwachindunji, moto umaphulitsa pamwamba nkusiya bwalo lakuda, ikani pa njerwa kapena pa lata lokhala pa njerwa. Kuwazira nkhuni ndi kusinja pakhonde kumagamphula mmphepete. Feteleza ndiye woopsa mwakachetechete, makamaka wa mtundu wa ammonium ngati CAN ndi SA, thumba likachita chinyontho madzi ake amadya simenti mpaka kunyenyeka, ndiye matumba akhale pa matabwa, chimodzimodzi mchere. Batire la sola kapena la galimoto likhale pa thabwa kapena mu beseni chifukwa asidi wake amasiya chibowo choyera. Migolo yachitsulo, mipando yachitsulo ndi zitini za maluwa zimasiya dzimbiri, ikani kena kake pansi pake ndipo muzizisuntha. Poimika galimoto kapena njinga yamoto ikani katoni kapena thireyi ya mchenga, oyilo akatayika musathire madzi, thirani mchenga wouma kapena phulusa limwe kaye usiku wonse, sesani, kenako kwechani ndi sopo waufa ndi madzi otentha.

Masamba a mango, mapeyala ndi maluwa a jakaranda akanyowa nkugona pa simenti amasiya zithunzi zake zabulauni, kungosesa kawirikawiri nthawi ya mvula kwathana nazo. Madzi a padenga nawo amakumba, taonani mzere umene umakhala pansi pa malata pomwe madontho amagwera, ikani zolandirira madzi padengapo kapena yalani miyala pamzerewo, ndipo ngalande yozungulira nyumba izikhala yotseguka kuti matope ofiira ochokera kumtunda asamagone pakhonde.

Ndere za mbali yosaomba dzuwa, zomwe zimakula kwambiri nthawi ya chiperoni ndi dzinja, sungunulani Jik kapu imodzi mu makapu 10 a madzi, thirani, dikirani mphindi 15, kwechani ndi bulashi yolimba ya pulasitiki nkutsukuluza ndi madzi ambiri. Bulashi yawaya imasiya tizitsulo tomwe timadzachita dzimbiri. Pa fulo ya okusaidi yesani kaye pakona. Dulaniko nthambi kuti dzuwa lizifika.

Nanga ufa woyera uja umatuluka pa simenti yatsopano ngati mchere? Amenewo ndi laimu wa mu simenti amene madzi amamukokera pamwamba, akakumana ndi mpweya amauma nkuyera. Sizikutanthauza kuti fulo yaonongeka. Kwechani pouma ndi bulashi nkusesa, mukathira madzi ambiri mumangoitananso wina. Akakanirira nyowetsani fulo kaye, pukutani ndi viniga wosungunula ndi madzi, kapu imodzi mu makapu 5, nkutsukuluza msanga. Chonde chonde viniga kapena asidi aliyense asakumane ndi Jik, zimatulutsa mpweya wa poizoni woti utha kukomola munthu mchipinda chotseka. Asidi wamphamvu wotsukira zimbudzi ndi matailosi musamuyandikitse pa fulo ya simenti, amayeretsa lero koma wadya pamwamba, mawa pamagwira litsiro kuposa kale. Ufa woyerawo ukamabwerabwera chaka ndi chaka pamalo amodzi ndiye kuti pali madzi akulowa, fufuzani paipi yodontha kapena ngalande yotsekeka.

Polishi, penti ya pansi kapena mankhwala otseka timabowo aja amagulitsa mmahadiweya zonsezi zidikire masiku 28 komanso fulo iume. Kuti mutsimikize matani kapepala ka pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse zinayi nkukasiya tsiku lathunthu, mukapeza thukuta kunsi kwake kapena simenti yada pamenepo dikiranibe, mukapaka penti idzatukuka. Polishi ngati Cobra pakani wochepa nkupukuta kwambiri, wochuluka amagwira fumbi nkupanga zigamba zakuda mmakona, ndipo pakhonde lofikira mvula amaterera.

Ngati yanu inaonongeka kale, yambani mwaiyesa. Kandani ndi msomali, gogodani ndi nyundo pang'onopang'ono chipinda chonse. Ngati ikungotuluka fumbi koma pansi pake ndi polimba, kwechani, tsukani, iume nkupaka mankhwala olimbitsa fulo kapena penti ya pansi. Pomwe pakulira ngati ng'oma gumulani mpaka mufike polimba, dulani mmphepete mwake mowongoka osati mopendekera, tsukani fumbi, nyowetsani, pakani phala la simenti nkuthira chigamba, ndipo chigambacho chithiriridwenso masiku 7 ngati fulo yatsopano. Dziwiranitu kuti mtundu wake sudzafanana ndendende ndi wakale, ndiye ngati ndi pabalaza bola kukonza chigawo chonse kufika pa mzere. Koma mng'alu woti mbali imodzi yatsika kuposa inzake, kapena ukukulirakulira mpaka kukwera khoma, umenewo musaumate, vuto lili pansi pa nthaka, mwina chiswe, mizu ya mtengo kapena madzi akukokolola, itanani mmisiri wodziwa aone maziko musanagule thumba lina la simenti.